Dzenje limene ndinagonamo ku Kupro

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinauza mayi wina za imfa ya mwana wake, ndipo ndinamuuza ngati ndikugenda galu. Papita zaka tsopano, ndakula, koma ndikamva nyenje zikulira dzuwa lili paliwombo, tsiku limenelo limandibwererabe. Ndilemba momwe zinayendera, mosadzikometsera.

Tinkakhala ku Dubai, ku Silicon Oasis, m'fulati ya pamwamba pa nyumba yosanja, momwe ukasuzumira pawindo umangoona misewu ndi mchenga. Abambo ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina yonyamula katundu kudoko la Jebel Ali, amayi ankagwira ya zamakompyuta kufupi ndi kunyumba. Ine ndinapita kumeneko ndili ndi zaka zitatu, choncho za kwathu ku Ntcheu ndinkazimvera pakamwa pa Anti Esnati. Ngakhale Chichewa chimene ndikulembachi n'chawo. Anti sanali m'bale wathu wamagazi. Anali a m'mudzi woyandikana ndi kwawo kwa amayi, ndipo makolo anga anawatenga kuti azindilera, kenako anadzaleranso mlongo wanga Pempho. Kumudzi anasiyako mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiyamike, ali mtsikana wa zaka khumi, m'manja mwa achimwene awo.

Ndinali mwana wamwano, ndisaname. Pakamwa panga panali pakuthwa, ndipo makolo anga ankati ndi nzeru. Anti okha ndi amene ankatchula khalidwelo ndi dzina lake lenileni. "Mwayi, lilime lakoli lidzakulowetsa m'mavuto," ankatero akundiluka, n'kukoka tsitsi mwadala kuti ndimvetse. Ndinkawakonda, koma ndinkawatenga ngati khoma la nyumba, chinthu chimene chimangokhalapo. Za Tiyamike ndinkamva mpaka kutopa nazo. Tiyamike wakhoza mayeso. Tiyamike wayamba kosi ya uphunzitsi. Tiyamike sayankha akuluakulu chonchi. Ndinkamuchitira nsanje munthu amene ndinali ndisanamuonepo maso ndi maso, osazindikira kuti wolanda mnzake mayi ndinali ine.

Mliri utabwera tinatsekeredwa m'fulatimo ngati nkhuku m'khola. Sukulu inalowa mu laputopu. Panali masabata amene ngakhale kupita kukagula buledi kunkafuna chilolezo. Anti, amene Lachisanu lililonse, tsiku lopuma kumeneko, ankavala chitenje chawo chabwino n'kupita kutchalitchi kukakumana ndi amayi anzawo ogwira ntchito m'nyumba za anthu olemera ku Jumeirah, anayamba kupemphera okha m'kachipinda kawo kakuseri kwa khitchini. Foni ikalira kuchokera kumudzi, tinkayamba tayang'anana tisanayankhe.

Chaka chachiwiri cha mliriwo, akuluakulu atabayitsa katemera ndipo ndege zitayambanso kuyenda, abambo anati tatopa, tipite tikapume masiku asanu pachilumba cha Kupro, panyanja ya Mediteraniya. Amene anasangalala koposa tonse anali Anti. Dzina la Kupro ankalimva kutchalitchi kuyambira ali mtsikana, ndipo ankayesa kuti malowo anatha kalekale. "Ndiye kuti ndikapondapo ndithu ndi phazi langali?" ankafunsa akusita zovala. Chimene chinkawabweza mtima chinali chimodzi. Sabata imeneyo Tiyamike ankadwala. Anali ndi mphumu kuyambira ali wamng'ono, ndipo kumudzi ankati ndi chimfine cha nyengo yozizira. Tsiku lonyamuka achimwene awo anawauza kuti mwana akupezako bwino, wamwa phala, pitani musadandaule.

Tsiku lachiwiri pachilumbapo, masana, Anti atatsika ndi Pempho kudziwe losambiramo la pahotelo, foni ya abambo inalira. Iwo ndi amayi anali pakhonde, ine ndili pabedi, chitseko chili chotsekula pang'ono. Ndinamva abambo akuti, "Ee, malume. Ee. Liti?" Atadula foniyo anawauza amayi motsitsa mawu, koma ine makutu anga sankaphonya zosandikhudza. Tiyamike anali atamwalira m'mawa wa tsikulo kuchipatala. Poti anali matenda a mliri aja, a zaumoyo anati aikidwe tsiku lomwelo, bokosi losatsekula. Pamene foniyo inkalira, adzukulu anali akukwirira.

Malumewo, achimwene a Anti amene ankasunga Tiyamike, sanawaimbire Anti, ndipo anachita zimenezo dala. Kwathu uthenga wa maliro suponyedwa pafoni kwa mayi wa mwana ali yekha. Umapita kwa munthu wamkulu amene ali naye pafupi, iyeyo n'kuitana amayi ena, n'kumukhazika pansi mwini maliroyo, kumuzungulira, kuyambira patali, kuti mwana uja matenda akula, mpaka azindikire yekha pali manja omugwira. Akuluakulu a Anti m'dziko la eni anali makolo anga, choncho mtolo wonse unagwera iwo.

Abambo ankafuna kuwauza tsiku lomwelo. Amayi anakana.

"Pano alira ndi ndani? Muhotelo ya azungu, mzimayi ndine ndekha. Ngakhale titawakweza ndege lero, akapeza atakwirira kale. Tidikire masiku atatuwa, tikafike ku Dubai, ndikaitane amayi a kutchalitchi."

Mawu amenewo ndawaganizira kambirimbiri. Anali oona. Komanso chinali tchuthi chathu choyamba patatha chaka ndi theka, ndipo mwana wa zaka ziwiri amafuna womubereka. Mpaka lero sindidziwa kuti n'chiti chinalemera kwambiri mumtima mwawo, ndipo ndikukayika ngati eni akewo akudziwa.

Polowa m'chipinda anandipeza maso ali tong'o. Amayi anagwada pambali pa bedi n'kundigwira mapewa. "Wamva eti? Usanene. Ukanena uwapha. Khalas, basi, nkhani yathera pompano." Ndinavomera ndi mutu.

Kusunga imfa ya munthu m'kamwa ndi ntchito yolemetsa, ndipo ine ndinali ndisanasungepo ngakhale chinsinsi cha switi. Malume aja anawauza Anti kuti foni ya Tiyamike yafa batire, mwiniwake akupuma. Anti anangoti akadzatchaja adzazipeza, n'kupitiriza kumutumizira zithunzi ndi mauthenga a mawu. Nyanja anaijambula, chakudya cha m'mawa anachijambula, ngakhale amphaka a pahotelo. M'mawa wa tsiku lachitatu, pa kasitolo ka pakhomo lolowera kumabwinja akalekale amene tinapita kukaona, anagula mpango wabuluu wa timaluwa toyera. "Mphunzitsi azioneka bwino pamaso pa ana," anatero, n'kuukulunga m'khosi mwanga kuti aone. "Iwe ndi Tiya khungu lanu n'limodzi. Wakukhala, ndiye kuti amukhalanso." Ndinaima chilili, mpango wa munthu wakufa uli m'khosi. Chisoni chimene ndinali nacho chinayamba kusanduka mkwiyo. Ndinawakwiyira chifukwa chosadziwa, ndinawakwiyira chifukwa chomwetulira. Ndi zamanyazi, koma ndi momwe zinalili.

Mabwinjawo anali pamtunda wa miyala, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Dzuwa linali loswa mtengo. Udzu wonse unali wouma, wonunkhira ngati mankhwala, ndipo nyenje zinkalira mosapuma mpaka m'makutu kuwawa. Nsanamira zamiyala zina zinali chiimire, zina zitagwa n'kuduka zidutswazidutswa. Pena pake panali pansi pa nyumba pokhapokha, pokongoletsedwa ndi timiyala tating'onoting'ono topanga zithunzi za nsomba ndi anthu osaka nyama, koma makoma ndi denga kulibe. Chifukwa cha mliri alendo anali owerengeka, aliyense masiki ali pachibwano. Kumunsi mafunde ankamenya matanthwe, n'kubwerera, n'kudzamenyanso.

Anti ankayenda pang'onopang'ono, Pempho ali kumbuyo. "Kwathu bwinja limatha ndi mvula ziwiri," anatero. "Pamangotsala mitengo ya mango ndi mapale. Awa anamanga ndi miyala, koma apita chimodzimodzi." Kenako anandipatsa foni kuti ndiwajambule ataima pakati pa nsanamira ziwiri. Atailandira anaiika pakamwa. "Tiya, ndine mayi ako. Ndili pa Kupro penipeni, mwanawe. Ukachira undiyankhe. Ndakugulira kanthu, koma sindikuuza." Amayi anayang'ana kunyanja. Abambo anafulumira kutsogolo ngati pali wawaitana.

Kumapeto kwa njirayo kunali masitepe osemedwa m'thanthwe, otsikira pansi pa nthaka. Pansipo panali bwalo lopanda denga lozunguliridwa ndi nsanamira, ndipo m'makoma ndi pansi munali maenje aatali ngati msinkhu wa munthu, onse opanda kanthu. Bambo amene ankatilondolera anafotokoza m'Chingerezi kuti anali manda a anthu olemera akalekale, ndipo mafupa ndi chuma zinatengedwa ndi akuba zaka zambiri zapitazo. Anti atamva kuti ndi manda anaima pamwamba pa masitepe.

"Madamu, ndiye tikulowa kumanda chonchi? Osapempha, nsapato kuphazi, mwana kumbuyo?"

"Ndi akalekale awa, Anti, mulibemo munthu," anayankha amayi, mawu awo ali otopa. "Yalla, tiyeni, tione msanga tizipita."

"Kupanda munthuko ndiye koopsa," anatero Anti. Ine ndikudutsa anandigwira mkono. "Kwathu dzenje la manda siligona lopanda kanthu. Adzukulu akakumba, maliro n'kulephera kubwera, amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira. Apo ayi limaitana munthu. Ukaone ndi maso okha, wamva?" Iwo anatsala pamwamba pomwepo, pamthunzi wa kamtengo.

Pansipo panali pozizira, ponunkha chinyontho ndi zitosi za nkhunda. Ndinapeza mnyamata ndi mtsikana achizungu akujambulana. Mtsikanayo anagona chagada m'dzenje limodzi, manja atapingasa pachifuwa, maso atatsinzina, mnzakeyo akuseka. Atachoka, ine ndinalowamo. Ndafunsidwapo chifukwa chake, ndipo yankho limodzi ndilibe. Ndinkafuna kuchita choipa chilichonse kuti chinsinsi chija chileke kundilemera. Mwinanso ndinkafuna kudziwa momwe Tiyamike anagonera. Mwala unali wozizira kumsana, m'mbali munali mothina, ndipo kumwamba ndinkangoona kachigawo ka thambo. Ndinapingasa manja n'kufuula kuti, "Dadi, ndijambuleni!"

Nkhope imene inatulukira pamwamba panga sinali ya abambo. Anti, amene anakana kuponda sitepe ngakhale imodzi, anali atatsika onse akuthamanga, mwana ali kumbuyo. Anandizula ndi dzanja limodzi ngati chinangwa, n'kundiwomba mbama. Zaka khumi anandilera osandikhudza ndi chala, koma tsiku limenelo khutu linalira.

"Ukufuna kulaula ndani? Amayi ako ali moyo, ukufuna akulire?"

Azungu aja anatembenuka. Bambo wotilondolera anasiya kulankhula. Tsaya linkayaka, manyazi anandikwera mpaka kumutu, ndipo lilime lija linapeza chida chimene chinali pafupi.

"Mukundimenya ngati ndani? Si inu mayi anga. Kamenyeni wanu uja, amene amukwirira dzulo ku Ntcheu."

Nyenje zinapitiriza kulira. Zimenezo ndimazikumbukira bwino, chifukwa ndinkayembekezera kuti nazonso zikhala chete. Anti sanandiyang'ane ine. Anayang'ana amayi.

"Madamu, mwanayu akuti chiyani?"

Amayi anawayandikira. Kenako anati, "Anti, tiyeni tikhale pansi kaye."

Mayi aliyense wa kwathu amawadziwa mawu amenewo. Anti anamasula chitenje mosamala, n'kumupereka Pempho kwa abambo. Anavula nsapato n'kuziika pamodzi. Anakhala pansi pafumbi, miyendo atatambasula, ngati momwe amayi amakhalira pa siwa.

"Aika?"

"Aika dzulo lomwelo," anayankha abambo.

"Anamusambitsa ndani?"

Abambo anaweramitsa mutu. "A zaumoyo sanalole."

Pamenepo ndi pamene analira. Sikunali kufuula. Anali mawu apansipansi, ochokera m'mimba, obwerezabwereza dzina limodzi, ndipo makoma amiyala aja ankawabweza. Amayi anagwada n'kuwakumbatira, Anti sanawakankhe, komanso sanawatsamire. Panalibe amayi owazungulira, panalibe woyambitsa nyimbo. Panali ife atatu amene tinadya nawo chakudya cha m'mawa tikudziwa, ndi alendo awiri atagwira foni m'manja.

Patapita kanthawi anadzuka, nakwera masitepe opanda nsapato. Tinkaganiza kuti akulowera kunyanja, ndipo abambo anawathamangira. Koma anangofika pa kamtengo kaja, n'kuthyola nthambi youma yotalika ngati mkono, n'kutsika nayo. Anatulutsa mpango wabuluu uja m'chikwama, anaikulunga nthambiyo bwinobwino ngati khanda, n'kuigoneka m'dzenje limene ndinagonamo. Kenako anakokolola dothi m'makona ndi manja, n'kuthiramo, katatu. Mlonda wa pamalopo anabwera akukupiza manja kuti n'zoletsedwa, koma ataona nkhope yawo anaima, n'kutembenukira kwina. Ine ndinkaonerera nditatsamira nsanamira, ndipo ndinamvetsa, kapena ndinkayesa kuti ndamvetsa, kuti mayi akuika mwana wake m'njira yokhayo imene inatsala.

Tinabwerera ku Dubai mawa lake. Mipando ya pabalaza tinaikankhira kukhoma, n'kuyala zitenje pansi. Amayi a kutchalitchi ankabwera awiriawiri, atatuatatu, chifukwa kusonkhana kunali koletsedwa, ndiponso ena mabwana awo a ku Jumeirah ankangowapatsa maola awiri. Ankaimba motsitsa, masiki ali kukamwa, kuopa oyandikana nafe. Abambo angapo a kwathu, alonda a ku Jebel Ali, ankafika ndi yunifolomu akuchokera ku ntchito, n'kugwada pakhomo, n'kupepesa, n'kuthamangira basi ya kampani. Maliro n'kulirana, ndipo analirana nawo ndithu, kungoti anafika chilonda chitang'ambidwa kale. Mayi wina wa ku Zambia anandiyang'ana ndikubweretsa tiyi, n'kufunsa mnzake kuti, "Ndiye mwana anakamba uyu?" Sindinatulukenso kuchipinda tsiku limenelo.

Palibe anandimenya. Abambo sanandikalipire, amayi sakanatha n'komwe, poti aliyense anali ndi mbali yake yoti asenze. Anti anapitiriza kutiphikira ndi kumusambitsa Pempho, koma ine ankangondiyankha mawu a ntchito okhaokha, ndipo tsitsi langa linakhala mwezi wathunthu osalukidwa. Ndikanakonda mbama ina. Mwezi utatha Anti ananena kuti akupita kumudzi, ndipo sadzabweranso.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinakaima pakhomo pa kachipinda kawo. Ankapinda zovala n'kumaika m'sutikesi.

"Anti, pepani."

Sanadzutse mutu. "Ukupepesa chiyani? Kuti unanena, kapena momwe unanenera?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ukanabwera dzulo lake n'kundinong'oneza, ndikanakudalitsa," anatero. "Ndinayenda tsiku lonse ndikucheza ndi foni ya munthu wakufa, inu mukundionerera. Koma iwe unali nawo uthenga wa mwana wanga, n'kuusunga kuti udzandimenye nawo. Chimenecho ndiye chikundiwawa."

Ndinalira. Pofuna kunena chilichonse chabwino, ndinati komabe Tiyamike anaulandira mpango wake, poti anamuikira m'manda muja. Apo m'pamene anasiya kupinda, n'kundiyang'ana koyamba chichokereni ku Kupro.

"Tiyamike ali ndi manda ake kwathu, ndi amene ndikupita kukawaonawa. Dzenje lija linali lako. Unagonamo, linakudziwa. Ndinalitseka kuti lisakuitane." Anatseka sutikesi n'kuikhalira kuti zipi iyende. "Kutaya mmodzi kwandikwana."

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti miyambo ya maliro ndi kuzungulira kwa anthu oopa kunena zoona. Tsopano ndikudziwa kuti kuzungulirako n'kupereka nthawi yoti manja afike mawu asanafike. Makolo anga analakwa pochedwa nawo uthengawo mpaka unawola m'manja mwathu. Ine ndinalakwa koposa, chifukwa zimene ndinanena zinali zoona, ndipo ndinazisankha podziwa kuti choona chimacheka kuposa bodza. Kuyambira pamenepo, ndikamva kanthu kolemera kokhudza munthu wina, ndimayamba ndadzifunsa kuti akamva adzagwera pa ndani.

Anti ali ku Ntcheu. Ndimawaimbira, nthawi zina amayankha, amandifunsa za sukulu ndi za Pempho, ndipo za Kupro sitinazitchulenso. Sananenepo kuti anandikhululukira, inenso ndinasiya kudikira mawuwo. Sindinganene kuti ndimakhulupirira zoti dzenje limaitana munthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi amene ndinali nditangomulasa kumene, misozi isanaume, anayang'ana m'chikwama mwake n'kupeza chinthu chomaliza chimene anagulira mwana wake, n'kuchigwiritsa ntchito pa ine. Ngati mlonda uja sanachotse, pachilumba chija, pansi pa thanthwe, pali nthambi youma yovala mpango wa Tiyamike, ikugona m'malo mwanga.